Maliro opanda mtembo

Mzungu uja anafika kwathu ku Mbungo wapansi, aphunzitsi athu ali patsogolo. Ankati ndi wa ku Estonia, katswiri wa zilankhulo, ndipo zomwe ankayankhula zinali zosawerengeka. Chinyanja chathu cha pachilumba anali atachitola kale. Anagwada popereka moni kwa agogo anga, agogo n'kumukonda.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho pakhomo tinalipo awiri basi. Tsikulo ndinali pakhonde, ndikusenda chinangwa, maso ali pa kamakina ka mzunguyo kojambulira mawu.

Anafunsa mayina a nsomba ndi a mphepo za panyanja. Kenako anati, "Agogo, mwana wanu atamwalira munalira motani? Mawu akale amatsalira polira maliro."

"Zimenezo sitichita popanda maliro, bambo."

Aphunzitsi anaseka. "Pang'ono chabe, agogo. Mlendoyu wachokera kutali."

Agogo sankatha kukaniza mlendo. Anayamba motsitsa, koma atatchula amayi anga, kulirako kunasanduka kwenikweni. Tambala atalira kuseri kwa nyumba, mzungu anakweza dzanja.

"Pepani, bwerezani pamenepo."

Agogo anabwereza.

Kwathu mfuu ya maliro ikamveka palibe amene amafunsa. Azimayi anasiya usipa pathandala n'kubwera akulira, poganiza kuti ndafa ndine. Anandipeza ndili moyo, mpeni uli m'manja.

"Mukulira yani, mayi?" anatero mayi woyandikana nafe. "Mwana munamaliza, tsopano mukulirira mdzukulu akupuma?"

Mzungu anafotokoza m'Chinyanja chosalala, koma palibe anamumvera. Anatseka kamakina kake, anathokoza, n'kukakwera sitima. Aphunzitsi nawo anadzasamutsidwa kubwerera kumtunda. Mbiri yoti agogo ndi mfiti ndiyo sinasamuke.

Ndili wamkulu ndinamva kuti mzungu uja analemba mabuku, anaphunzitsa ku yunivesite mpaka kukalamba, ndipo kwawo amamulemekeza. Amulemekeze. Zilankhulo zonsezo, koma mayi wokalamba atamuuza kuti sitichita, sanamve.

Ana a pamudzi analeka kudzapala moto kwathu. Pamaliro agogo ankawakaniza kugwira mphika. M'tchalitchi, benchi yathu inkatsala ndi malo. Chimene agogo ankaopa kwambiri n'chakuti ndidwale, chifukwa ndikanangofa, mudzi ukanawamaliza. Ndikagwidwa malungo ankandigoneka m'nyumba n'kumauza anthu kuti ndapita ku Khuyu. Ndikayamba kutsokomola, ankanditseka pakamwa ndi chitenje chawo kuti oyandikana nafe asamve.