Maliro a Makuponi

Kwathu nkhani sauza munthu ali chiimire. Mlendo akafika, kaya wachokera ku Kaluluma kaya kutsidya kwa dambo chabe, amayamba amuyalira mphasa, n'kumupatsa madzi akumwa, n'kumuleka kuti thukuta liume. Akatero m'pamene mwini khomo amaomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Tipatseni malonje." Ndiye mlendo uja amayamba kufotokoza za kumene wachoka: mvula yagwa bwanji, msewu uli bwanji, ndani wapita ku Joni, ndani wabwerako chimanjamanja, ndani wagonekedwa kuchipatala. Za amene atisiya zimabwera kumapeto kwenikweni, womvera atakhazikika kale.

Ine ndili mtsikana mwambo umenewu unkandinyansa. Ndinabadwa ndi mtima wapachala, ndipo mpaka lero sunasinthe kwenikweni. Munthu wabwera ndi uthenga wa maliro, nkhope ikuchita kuonetseratu, koma ayambe kaye za mbuzi zimene zalowa mu nazale ya fodya! Tsiku lina mlendo atachoka ndinafunsa amayi kuti bwanji anthu sangonena chimene abwerera.

"Nkhani yolemera imagwetsa munthu," anatero amayi akupinda mphasa. "Umayamba wamukhazika pansi kuti akagwa agwere pafupi."

Nditakula ndinapita ku Lilongwe kukasoka zovala. Mchimwene wanga anapita ku Joni. Abambo anali atamwalira kale, choncho amayi anatsala okha pakhomo, pafupi ndi mlongo wawo, amalume anga. Amalumewo ndiwo anasanduka msewu wathu wa nkhani. Nyengo yogulitsa fodya ankakwera lole ya mabelo kubwera ku okushoni, ndipo podikira kuti fodya wawo alowe ankagona kwa ine. Mbiri inkangowanda yokha kuti afika. Lamulungu masana akwathu onse okhala m'tauni ankadzaza kanyumba kanga: alonda, ogulitsa tomato, wina woyendetsa minibasi, ena amene kumudzi sitinkayankhulana n'komwe. Amalume ankakhala pa mpando wa mashini anga osokera, n'kutsokomola kawiri ngati mlaliki, n'kuyamba ndi mvula. Akamaliza, aliyense ankapereka malonje ake oti akafike kumudzi, pamodzi ndi kapaketi ka shuga kapena sopo. Masiku amenewo ndimawasowa. Tinkatuluka m'nyumbamo tikudziwa amene akudwala, amene wabereka, amene tiyenera kukamupepesa tikadzapita, ndipo tauni inkachepa ukulu.

Fodya akatha tinkadalira foni. M'mudzi mwathu inalipo imodzi, ya amalume omwewo, imene ankakatchajitsa kwa Msilamu wina wa golosale pa Santhe. Netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu kuseri kwa tchalitchi basi. Amalume ankakwera pachulupo, n'kuflasha, n'kuima chilili kudikira kuti iwe wa m'tauni uwononge mayunitsi ako. Amayi foniyo sankaifuna. Ankati ilibe mphasa, ndipo za matenda awo sakananenera m'kanthu kamene kamadula munthu mawu ali pakamwa.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, zaka zija boma linkagawa makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo, amalume anaflasha m'mawa pakati pa sabata. Nditaimba anandiuza kuti amayi miyendo yatupa, akhala akupita kuchipatala, ndipo ndikapeza mpata ndibwere ndidzawaone. Ndisanafunse zambiri foni inaduka. Ndinayesa tsiku lonselo, osapezeka. Mawa lake chimodzimodzi. Munthu wanzeru akanadziwa kuti batire yatha ndipo Santhe ndi kutali. Koma ine ndinkawadziwa anthu akwathu: akati munthu watupa miyendo, mwina akuyamba ndi mvula chabe. Ndinatseka mashini n'kukwera minibasi, mtima uli m'malere.

Pa Santhe ndinakwera kabaza. Kwathu n'kwachidikha, maso amafika kutali, ndipo chimene ndinayamba kuona chinali minda. Nyengo imeneyo anthu amakhala ali kalikiliki kukonza mizere mvula isanagwe, ena kudambo kuthirira nazale. Tsiku limenelo m'minda munali zii, khasu ngakhale limodzi. Kwathu khasu limagona tsiku la Mulungu kapena tsiku la zovuta basi, ndipo limenelo linali Lachisanu.

Titakhota pa mpanda wa nkhadze ndinaona khomo la amayi. Njinga zinali zitatsamira pamitengo yonse. Amuna anali atakhala m'chigafa chachikulu chimene abambo ankayanikamo fodya, pamene amuna amakhala pakagwa maliro pakhomo pathu. Azimayi ambirimbiri anali pansi mbali inayo, miyendo atatambasula, mitu ili zyoli. Panalibe woseka, panalibe woyankhula.

Sindinadikire kuti njinga iime. Ndinadumpha, n'kumanga chitenje m'chiuno, n'kuika manja kumutu. Kwathu wobwera kumaliro a mbale wake salowa mwakachetechete, amayambira kumsewu kulira kuti a pasiwa adziwe kuti wafika. Ndiye ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse. "Mayo ine! Mayi wanga ine! Ndatsala ndekha ine!"

Maliro n'kulirana. Azimayi aja atamva mfuu anadzambatuka onse n'kundilandira kulirako, osafunsa. Awiri anathamanga kudzandigwira m'mikono monga amachitira ndi namfedwa. Amuna m'chigafa anavula zipewa. Pakati pa phokosolo ndinamva mawu amodzi okwera kuposa onse, mawu amene ndikanawazindikira ngakhale pamsika. "Mwana wanga ine! Wafera kutali mwana wanga!"

Anali amayi. Anatuluka pakati pa anthu akudzikoka ndi miyendo yawo yotupayo, amoyo, akulira chokweza. Iwo ataona mwana wa m'tauni watulukira osalengeza, manja ali kumutu, anadziwa chimodzi chokha: nkhani za ku Joni zinkadzera kwa ine, ndiye kuti mchimwene wanga wapita. Ine nditawaona ndinasokonezeka. Amayi ndi awa, nanga anthu onsewa akulira yani? Ndinaganiza kuti ndiye kuti ndi amalume, n'chifukwa chake foni yawo sinkapezeka. Ndinayambiranso kulira, tsopano kulirira amalume. Tinakumbatirana ndi amayi n'kugwera pansi pafumbi, aliyense akulira maliro ake. Kumbuyo kwanga ndinamva bambo wina akufunsa mnzake ngati thupi libwere pa ndege kapena pa lole.

Kenaka munthu anandigwira paphewa. Nditatukula maso ndinaona amalume, athanzi lawo, kapepala kali m'manja.

"Iwe mwana, tatonthola kaye. Wamwalira ndani?"

"Kaya, amalume," ndinayankha ndikusisima. "Ine ndimayesa inu."

Kenaka gogo wina anayamba kuseka, misozi ikadali m'masaya, ndipo chikhakhali chinagwira bwalo lonse. Linali tsiku logawa makuponi. Alangizi a zaulimi anasankha chigafa chathu chifukwa ndicho chinali ndi mthunzi waukulu, ndipo tebulo lawo linali kuseri kumene ine sindikanaliona kuchokera kumsewu. Anthu anali chete chifukwa aliyense anatchera khutu kuti dzina lake lisamudutse. Nkhope zinali zakugwa chifukwa makuponi anabwera ochepa, ndipo zinali zitamveka kale kuti mabanja ena agawana thumba limodzi. Mlangizi wina, mlendo kwathu kuno, anali ataimirira cholembera chili m'manja, kukamwa kuli yasa.

Wa kabaza uja anali akadali pamsewu kudikira ndalama yake. Nditapita kukamulipira anandiyang'ana mwachisoni. "Asisi, ndimafuna ndikuuzeni kuti pamsewu panalibe masamba, koma munali mutayamba kale."

Ankanena zoona. Pakagwa maliro kwathu amadula nthambi zaziwisi n'kuziyala modutsa msewu mbali zonse ziwiri za mudzi, kuti wapanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro, wachipewa avule. Ngakhale mwana amadziwa zimenezi. Ine ndinaona minda, ndinaona njinga, ndinaona chigafa, koma pansi sindinayang'ane. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawamvenso kwina kulikonse.

Anthu atabalalika chakumadzulo, amayi anayala mphasa pakhonde n'kundipatsa madzi. Ndinafuna kufunsa za miyendo nthawi yomweyo, koma anakweza dzanja. Ndinapereka malonje anga mwachidule monga mwa khalidwe langa, iwo n'kuyamba awo. Anayamba ndi kutentha kwa dzuwa. Ananena za chitsime chimene chinaphwa, za mwana wa aneba amene anapita kukagwira ntchito ku esiteti n'kubwerako ndi mkazi wa Chitumbuka, za mkulu wa mpingo amene anachita sitiroko, za maliro awiri amene ndinayenera kukapepesa ndisanabwerere. Ine ndinkangogwedeza mwendo. Pomaliza penipeni anafika pa iwo eni. Kuchipatala cha ku boma anawauza kuti mtima wawo watopa. Sadzachira, azingomwa mankhwala kuti masiku achuluke.

Ndinali nditakhala kale pansi, choncho sindinagwe. Misozi inangotsika yokha, yopanda phokoso.

"Usalire, walira kale zokwanira lero," anatero amayi akumwetulira. "Anzanga amapita osadziwa ngati ana awo adzawalira. Ine ndadzionera ndekha. Mawu uli nawo, mwana wanga, sudzandichititsa manyazi. Koma tsiku limenelo udzayambe wayang'ana pamsewu."

Nkhani ya maliro a makuponi inayenda kuposa ine. Ndisanabwerere ku Lilongwe inali itafika kale ku Joni, ndipo mchimwene wanga anaimba kudzandithokoza kuti ndinamulira bwino. Chaka chotsatira amalume atabwera ndi fodya anaiika m'malonje awo, pakati pa mvula ndi matenda, akuchita kuyerekeza mmene ndinadumphira panjinga. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba m'nyumba yanga yomwe, akumwa tiyi wanga. Ndinapsa mtima, koma ndinasekanso nawo. Kumudzi makuponi akatsala pang'ono kubwera, azimayi ankauza amayi kuti aitane mwana wawo adzatsegulire mwambo.

Amayi anakhala nafe zaka zina zingapo. Ndinkapita kawirikawiri, kukawatengera mankhwala, kukawathandiza kupalira kamunda kakuseri kwa nyumba. Miyendo inkatupa n'kuphwa, n'kutupanso. Foni zinachuluka m'mudzi, chulu chija anthu anachigumula n'kuumba njerwa, koma amayi sanasinthe. Ukawaimbira pa foni ya mdzukulu wa amalume ankangoti ali bwino, zambiri tidzakambirana pamphasa.

Tsiku lina, nyengo yomwe ija ya dzuwa loswa mtengo, amalume anaimba okha, osaflasha. Amalume kuwononga mayunitsi awo! Anati, "Bwera, amayi ako akukufuna." Sindinafunse china, ndipo iwo sanawonjezere.

Pa Santhe ndinakwera kabaza wa munthu amene sindinkamudziwa. M'minda munali zii. Ndinamuuza wakabazayo, ngakhale sanandifunse, kuti ino ndi nyengo ya makuponi, anthu ali ku msonkhano. Anangoti, "Eya." Patali ndinaona njinga zitatsamira pamitengo, amuna m'chigafa, azimayi pansi mbali inayo. Ndinamuuzanso kuti amagawira pakhomo pathu chifukwa cha mthunzi, ndipo ndinayamba kumufotokozera mmene ndinadzichititsira manyazi chaka china. Maso anga ndinawaika pamsana pa malaya ake. Pansi sindinafune kuyang'ana.

Tisanafike pa mpanda wa nkhadze anagwira mabuleki. Anatsika, n'kuvula kapusi yake, n'kuyamba kukankha njinga. Nthambi za mango zinali zitayalidwa modutsa msewu, masamba ake asanafote.

Mawu aja amene amayi anawayamikira sanatuluke. Ndinayenda kuchoka pamsewu kufika pakhomo ngati munthu wosalankhula, chitenje chili m'manja. Azimayi ataona kuti sindikulira anangondiyang'ana, osadziwa poyambira. Amalume ndiwo anabwera kudzandichingamira. Sananditengere m'nyumba. Anandikhazika pamphasa kuseri kwa nkhokwe, n'kuitanitsa madzi, n'kudikira kuti ndimwe. Kenaka anaomba m'manja pang'ono n'kuyamba.

Anayamba ndi mitambo imene inasonkhana sabata yatha koma osagwetsa kanthu. Ananena za nazale imene inapsa ndi dzuwa, za feteleza amene anachedwa kufika kudepoti, za mnyamata wa kutsidya amene anabwezedwa pa malire akupita ku Joni. Ankayankhula pang'onopang'ono, maso ali pansi, ndipo ine ndinkamva mawu alionse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mwendo wanga sunagwedezeke. Malinga ngati amalume anali pa mvula ndi feteleza, amayi anali asanamwalire, pakuti panalibe amene anali atandiuza.

Kenaka anatsokomola kawiri. Ndinadziwa kuti zina zonse zatha, afika kumapeto.

"Amalume," ndinawadula mawu, "nanga mbuzi zija? Simunanene za mbuzi."

Amalume anandiyang'ana. Kenaka anakhazikikanso bwino pamphasapo, n'kuyamba kundiuza za mbuzi, imodzi ndi imodzi.