Lua ndi Makolo a Eni Ake

Lua anakwatiwa ndi Tuc akadali mtsikana, ndipo ntchito yoyamba imene anaipeza kubanjako inali yodyetsa akufa. Tuc anali mwana wamwamuna woyamba, choncho guwa la makolo linali m'nyumba mwawo: zithunzi za agogo okwinya nkhope, kamphika ka lubani, timbale. Tsiku lokumbukira imfa ya mmodzi wa iwo likakwana, Lua ankalawirira kumsika, kuwiritsa nkhuku, kuphika mpunga womata, n'kuperekera anthu amene sanawaonepo. Akufawo sankadandaula. Odandaula anali apongozi ake, amoyo.

Mlandu wa Lua unali umodzi: anabereka atsikana okhaokha, anayi. Mwana wamkazi amakafukiza lubani kwa makolo a mwamuna wake, osati kwawo.

"Ndiye ine ndikafa ndizidzadya chiyani, fumbi?" apongoziwo ankafunsa. Ntchafu ya nkhuku inkagwera m'mbale ya Khoat, mwana wamwamuna wa mng'ono wake wa Tuc. Tham, chitsirizira cha Lua, ankaponyeredwa khosi.

Apongozi anamwalira n'kukwera paguwa. Tuc anawatsatira. Lua sanaleke kuphika, koma mantha ankamudya. Mzimu wopanda woufukizira lubani umangoyendayenda m'misewu ndi njala, ndipo iye, wodyetsa mtundu wonse wa eni ake, ankaona kuti ndiko akulowera.

Mwamwambo, nyumba ndi guwa tsopano zinali za Khoat. Mnyamatayo anaphunzira, ananenepa, anakakhazikika mumzinda wa Hanoi. Chaka china anatulukira pagalimoto yonyezimira.

"Amayi aakulu, nyumbayi ndagulitsa. Akufuna kumangapo sitolo."

"Nanga agogo akowa?"

"Kwathu n'kothina. Komanso utsi wa lubani umamutsamwitsa mkazi wanga."

Tham, amene ankagulitsa msuzi pamsika, atamva anabwera panjinga yamoto. Zithunzi zija anazilongedza m'katoni, katoniyo anaimangirira kutsogolo, amayi ake kumbuyo. Umo ndi mmene makolo olemekezeka aja anasamukira kunyumba kwa Tham, akugundana mitu m'mabampu. Akuchimuna kwa Tham anang'ung'udza kuti mizimu yachilendo ikudzatani, koma mwamuna wake anangotenga hamala n'kukhoma thabwa lina pakhoma.

Lua anandandalika zithunzizo yekha. Apongozi anawaika pakati penipeni, poti aziona bwino amene akubwera ndi mbale.

Tham analowa ndi nkhuku yowiritsa. "Amayi, agogowa ndiwaikire chiyani?"

"Apatse ntchafu, mwanangu. Khosi unamaliza ndiwe kalekale."

Kenako Lua anasendeza chithunzi cha Tuc pang'ono, mpaka pambali pake panatsala mpata wokwana dzanja limodzi.

"Apa ndi panga," anatero osayang'ana mwana wake. "Nkhuku usadzavutike nayo, ndatopa nalo fungo lake. Udzangondiyatsira kamtengo kamodzi ka lubani."

"Ndidzayatsa, amayi."

Lua anapukuta mpatawo ndi nsonga ya malaya ake, ngakhale panalibe fumbi.