Nkholokolo za m'thanki ya galasi

Thanki ya galasi ija inali ndi mng'alu pangodya, womata ndi phula. Amalume anabwera nayo kuchokera ku Dwangwa ataifungata m'minibasi. Ati bwana wina wa kufakitale anaisiya posamuka. Inali nyengo ya mwera, mwezi womwe bwato la bambo anga linagubuduzika kutali ndi gombe. Anzawo anapezeka. Bambo ayi.

"Mwanayu apeze chomutangwanitsa," anatero amalume, akuthira mchenga, miyala ndi chidutswa cha paipi pansi pa thankiyo. Nsomba anakatenga kwa asodzi amene ankakoka makoka pamalo a ngoziyo posaka mtembo. Amalume anali a mtima wabwino, koma abale, kuganiza kawiri sikunali kwawo.

Zinali nkholokolo, zamawangamawanga, zandevu zazitali. Pamwamba sizinkabwera. Zinkangofukula mchenga, kapena kubisala m'paipi ndevu zokha zili panja. M'mawa ndinkasintha madzi ndi ndowa, ndipo ukaigwira imodzi inkalira m'manja, kho, kho, ngati munthu wotsamwa. Ndinkazikonda koopsa.

Akuchimuna ankafuna kuti tiike thunthu la nthochi m'manda, monga zimakhalira mtembo ukasowa, kuti maliro athe. Amayi anakanitsitsa. "Ndilire nthochi ine? Ndinakwatiwa ndi nthochi?" Choncho pakhomo pathu maliro sanayambe ndipo sanathe. Anthu ankabwera, kukhala pamkeka, n'kumapita.

Tsiku lina ndinafunsa aphunzitsi chakudya cha nkholokolo. "Nsomba zapansi sizisankha," anandiyankha. "Chilichonse chomira m'nyanja n'chawo." Ine kamwa langa losatseka, ndinakabwereza mawuwo kunyumba monyadira. Amayi anasiya kupeta mpunga, n'kundifunsa komwe amalume anazitenga nsombazo. Ndinawauza.

Kuyambira pamenepo ndinkawapeza atagwada patsogolo pa galasi masana dzuwa likuswa mtengo, manja pamaondo, momwe ankagwadira popereka madzi kwa bambo. Nsombazo zinkatuluka m'paipi n'kugunditsa ndevu pagalasi pomwe panali nkhope yawo. Lero ndikudziwa kuti zinkangoyembekeza gaga. Nditabwera ndi gagayo, amayi anandigwira dzanja. "Usazipatse. Zinakhuta kale."

Pasanapite nthawi amayi anatumiza mawu kwa akuchimuna kuti akonze bokosi. Anangopempha chimodzi: thunthulo alikulunge okha, m'chipinda, chitseko chotseka.

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinapeza m'thanki muli mchenga ndi paipi basi. Ndinafufuza pansi pa tebulo, ndinathamangitsa mphaka ndi miyala. Kenako azibambo ananyamula bokosi kutuluka nalo m'nyumba, ndipo pakhomo penipeni, nyimbo isanayambe, tonse tinamva kuchokera m'katimo: kho, kho. Onyamulawo anayang'anana. Amalume anagwetsa nkhope. Mayi wina anayambitsa nyimbo mokweza kwambiri.

Ndinakuwa kuti atsegule, nsomba zanga zifa, koma azimayi anandikanikiza pachifuwa. "Msiyeni alire bambo ake." Ndinawakwiyira amayi mwaka wathunthu. Nzeru zanga zinkangofika poti andibera nsomba. Sindinkamvetsa chifukwa chake munthu amene sanagwetse msozi mwera wonse uja anadziponya pabokosi la nthochi, n'kumaitana bambo ndi dzina lawo.