Chisanu Chimene Amalume Ankaponya

Mpira uja unali wolimba ngati mwala, wosokedwa ndi ulusi wofiira. Amalume anautola kubwalo la masewera a ku Amereka otchedwa besibolo kumene ankatchetcha kapinga, ndipo tinkauika pachitseko cha chipinda chathu ku Bertrams kuti mphepo isamachimenyetse. Unkanunkha udzu wonyowa ndi thukuta la anthu osawadziwa.

Chinali chisanu cha Joni, chija chong'amba milomo. Abambo anali atasamukira kwa mkazi wina ku Cosmo City, ndipo amalume, pokhala nkhoswe ya ukwatiwo, ankakwera takisi Lamlungu lililonse kukawanyengerera. Amalumewo akalephera, ine ndi amayi tinali obwerera ku Machinga, poti chipindacho abwana a kuntchito kwawo anapatsa abambo, osati ife. Ine kumudziko sindinkakudziwa n'komwe, ndipo ndinkakuopa.

Koma amalumewo pakamwa, aa, sipankapola! Akabwerako, za ulendo ayi, ankangondikokera pakhonde kuti tiziponyerana. Masewerawo ankawamva mwapatalipatali, koma za oponya mpira ankachita kulakatula. "Besibolo ndi yankhanza, mphwanga," ankatero. "Anthu mbwee m'bwalo, koma timu ikagonja amalemba dzina la woponya yekha, ngakhale wogwetsa mpira akhale wina." Lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinkawadulira mawu. Ine changa chinali choti aponye basi.

Lamlungu lina anabwerako msanga, dzuwa likadali pamutu, n'kukhala pa ndowa osavula chipewa. Amayi anangowayang'ana kamodzi, n'kuyamba kupinda zovala zathu.

"Mwamunayu munandipezera ndinu, achimwene," anatero amayi, osakweza mawu.

Amalume anatembenukira kwa ine. "Ukudziwa, mphwanga? Ku Amereka, woponya amene anapambana kambiri kuposa onse, ndi yemweyonso anagonja kambiri kuposa onse. Sankakana akamupatsa mpira."

Zinandidabwitsa zedi. Ndinafunsa ngati munthu wamkulu chonchoyo ankalira akagonja.

"Pagulu ayi," anatero. "Ankayamba wapita kuseri."

Anasisita mawondo. Kenaka anadzuka, natuluka, ndipo ndinamva nsapato zawo zikukhwekhwereza kuzungulira nyumba kupita kuseri. Anachedwako. Amayi atasiya kupinda n'kufunsa kuti alowera kuti, ine ndinayankha monyadira, ngati wodziwa zinthu, kuti amalume apita kukataya madzi.