Maliro a M'wayilesi ya Atate

Ndikukumbukira chilimwe china cha m'ma 1990, ndili mu Giredi 6, pamene mudzi wathu wa ku Chiparamba unakhala pamaliro masiku anayi popanda mtembo, popanda ngakhale dzina la womwalirayo. Anayambitsa zonsezi ndi atate anga ndi wayilesi yawo.

Atate anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, wophunzira ku mishoni, ndipo aliyense ankangowatchula kuti a Hedi. Kalata ya Chingerezi ikafika m'mudzi inkadzawerengedwa pakhonde pathu. Wofuna kudziwa ngati feteleza abwera chaka chimenecho ankabweranso pakhonde pomwepo. Mawu a a Hedi sankabwezedwa, ndipo kunena zoona, eni akewo zimenezi zinkawakomera kwambiri. Wayilesi yawo ndiyo yokha inkalankhula kumbali yathu ya mudzi. Inali ndi kathumba kake kansalu kosokedwa ndi amayi, ndipo inkadya mabatire anayi akuluakulu. Mabatirewo sankatayidwa wamba. Akafooka tinkawayanika padenga la malata kuti amwe dzuwa, akafookanso atate ankawagogoda ndi mwala. Lamulo linali lakuti timve nkhani za masana, kenako wayilesi izimitsidwe, mabatire abwerere padenga.

Loweruka la sabata imeneyo unali ukwati wa mkulu wanga Esinati. Ankakwatiwa ndi a Lakisoni, kalaliki wina amene ankalembera madalaivala a malole mapepala awo pamalire a dziko pa Mwami. Mbuzi ziwiri zinali zitamangidwa kale kuseri kwa nyumba, chimera cha thobwa chili pamphasa, pabwalo ponse pakununkhira utsi ndi mtedza wokazinga. Ine ndinali m'gulu la operekeza, ndipo madzulo alionse tinkaphunzira masitepe ovina pa ukwatiwo. Atate anatichitira chifundo chachilendo: ikakwana folo koloko ankatibwereka wayilesi, chifukwa nthawi imeneyo siteshoni ya ku Lusaka inkaika rumba.

Panali chinthu china chimene ndinkaganiza kuti tikuchidziwa ndife atatu okha, amayi, Esinati ndi ine. Esinati anali ndi pakati. Ndinkagona naye chipinda chimodzi, ndipo ndinali nditamuona kangapo m'mawa akusanza kuseri kwa nkhokwe. Mumpingo mwathu mtsikana mimba ikaonekera asanadalitse ukwati ankaimikidwa pamaso pa anthu, kuchotsedwa pa mgonero, ndipo za ukwati wa m'tchalitchi zinkathera pomwepo. Abusa athu anali ndi mipingo yambiri yoyendera pa njinga yamoto. Akanaphonya Loweruka limenelo, akanabweranso mu Disembala, ndipo pofika Disembala ngakhale wakhungu akanaona.

Lolemba madzulo tinafola pabwalo awiriawiri, anyamata uku atsikana uku, fumbi lili m'mapazi. Ndinatsitsa mabatire padenga ali otentha, ndikuwaika, ndikutsegula. M'malo mwa magitala munatuluka kulira kwa zingwe zambirimbiri, kochedwa, kopanda woimba, kopanda ng'oma. Tinaima mwendo umodzi uli m'mwamba kudikira kuti mwina ng'oma ilowa. Siinalowe. Atate anatuluka m'nyumba, anatchera khutu kanthawi, kenako anavula chipewa n'kuchigwirira pachifuwa.

"Ana inu, balalikani," anatero. "Dziko lagwa pamaliro."

Musafulumire kuwaseka. Masiku amenewo nyimbo zoterezi pa wayilesi zinali ndi ntchito imodzi yokha. Akamwalira munthu wamkulu m'boma, rumba inkazimiririka, m'malo mwake n'kubwera zingwe za azungu ndi nyimbo za m'tchalitchi, ndipo zosangalatsa zonse zinkaimitsidwa kufikira maliro atatha. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganizapo kuti kunja kuno kuli anthu omvera nyimbo zimenezi mwadala, onse a kwawo ali moyo.

Pofika Lachiwiri uthenga unali utazungulira mudzi wonse. Pa nkhani za masana amuna anadzaza pansi pa mtengo wathu wa mango kuti amve dzina. Wowerenga nkhani ananena za mitengo ya chimanga, za nduna ina yotsegulira mlatho, za mpira, basi. Za maliro sanatchuleko. Ine ndinayamba kusangalala, koma atate anapukusa mutu mwanzeru. Anafotokoza kuti boma silithamanga, limayamba lakonza mitima ya anthu, ndipo likakhala chete chonchi ndiye kuti wagwayo ndi wamkulu zedi. Onse anavomera. Tinali titakulira m'zaka zimene kukhala chete kwa wayilesi kunkanena zambiri kuposa mawu ake.

Wokayika anali mmodzi yekha, a Banda, mlimi wa thonje wa Chikatolika amene ankakhala kutsidya kwa dambo. Iwo anati dzulo lake podutsa kwa alamu awo anamva wayilesi ikuimba rumba bwinobwino. Atate anawayang'ana pamwamba pa magalasi n'kuwauza kuti imeneyo inali ya ku Malawi, ndipo maliro a eni sawakhudza. A Banda anakhala pansi.

Ndiye madzulo alionse, ikakwana folo koloko, amuna ankasonkhana pansi pa mango uja, zipewa zili pamaondo, kumvera zingwe. Vuto linali lakuti nyimbo imodzi inkatalika kuposa moyo wa mabatire athu. Inkayamba tisanatsegule, ndipo isanathe wayilesi inkayamba kunong'ona, n'kukomoka. Choncho munthu wolankhula sitinkamumva konse. Mkulu wina wa mpingo anati kuchokera pa kaliridwe kake, womwalirayo ayenera kuti anali munthu wamtali. Nthawi ina nyimbo inafulumira, malipenga analowa ndi mphamvu, ndipo phazi la a Banda linayamba kugunda pansi lokha. Atate analiyang'ana phazilo mpaka linaleka.

Lachitatu akulu a mpingo anakumana pakhonde pathu. Anagwirizana kuti banja la a Hedi, limene ndi chitsanzo cha mudzi, silingaimbe ng'oma dziko likulira. Ukwati unasunthidwa kufikira ulendo wina wa abusa, ndipo anati uthenga upite kwa a Lakisoni Lachisanu m'mawa. Esinati atamva anakhala pamtondo n'kuyamba kulira mwakachetechete, misozi ikungotsika. Amayi ena odutsa anamuyamikira kuti mwana wa a Hedi ndi wokonda dziko lake, taonani mmene akumulirira mtsogoleri. Ine mtima unandiwawa kwambiri, ndipo tsiku limenelo ndinadana ndi wayilesi, ndi azungu, ndi womwalirayo, kaya anali ndani.

Lachinayi m'mamawa amayi ananditenga kupita ku Chipata, ati kukagula shuga. Tinakwera kavaneti kodzaza matumba a mtedza. Titangotsika, rumba inatilandira kuchokera m'mabala, anyamata ogulitsa makaseti akuvina pakhomo pa masitolo a amwenye, ndipo mbendera ya pa boma inali pamwamba penipeni ikuuluka mosadandaula. Amayi anaima n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse munthu aliyense. Shuga sanagule. Anagula mabatire anayi atsopano, n'kuwamanga pakona ya chitenje.

M'njira ndinawafunsa ngati tikawauze anthu zimene taona. Anandiyankha kuti ndikatseke pakamwa, chifukwa mwamuna ngati atate sauzidwa kuti walakwa, amayenera kudzimvera yekha.

Tinafika kunyumba nthawi isanakwane fili koloko. Amayi anagwada n'kuika mabatire patebulo.

"Atate ake Esinati, lero tiyambe nayo poyambirira penipeni. Mwina dzina amalitchula kumayambiriro."

Atate anakondwa ndi nzeru imeneyi. Anatsegula wayilesi tili atatu m'nyumba, ndipo mawu anatuluka oyera ngati munthuyo wakhala pampando wathu. Anali mayi wolankhula Chingerezi chodekha, choti ngakhale ine wa Giredi 6 ndinatolapo zokwanira. Anati talandiridwa ku tsiku lachinayi la sabata ya nyimbo zakale za ku Ulaya, imene ipitirira mpaka Lamulungu. Anati amene anapeka nyimbo ya tsikulo anamwalira zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo. Anatifunira kumvera kwabwino. Kenako zingwe zinayamba.

Atate anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango, ngakhale anali oyera kale. Amayi anayang'ana pansi. Panja amuna anali atayamba kufika pansi pa mango, akutsokomola mwaulemu monga amachitira anthu pamaliro. Palibe mmodzi mwa iwo amene anamva. Ngakhale ndinali mwana, ndinaona bwinobwino njira imene inali yotseguka. Atate akanatha kungodikira folo koloko, kutulutsa wayilesi monga mwa masiku onse, kulira nawo mpaka Lamulungu, Lolemba rumba ikabwerera n'kulengeza kuti maliro atha. Dzina lawo likanakhala loyera mpaka kumanda.

Atate anayang'ana pawindo. Esinati ankadutsa ndi ndowa ya madzi pamutu, akuyenda pang'onopang'ono. Kenako atate anavala jekete, wayilesi anaisiya patebulo, n'kutuluka chimanjamanja. Ndinawatsatira mpaka pakhomo.

"Abale anga, ndakulizani pachabe," anatero ataima pakati pa anthu. "Womwalira alipodi, koma ndi mzungu wopeka nyimbo, ndipo anamuika m'manda agogo athu asanabadwe. Wolakwa ndine. Ukwati ulipo Loweruka."

Kenako a Banda anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Ndiye kuti uthenga wa malirowo unachedwa m'njira, a Hedi?"

Chiseko chimene chinabuka pamenepo chinamveka mpaka kudambo. Ena anagwa pamipando. Mkulu wa mpingo uja amene anati womwalirayo anali wamtali ananyamuka mwakachetechete n'kumapita. Atate anaima pomwepo, manja ali kumbuyo, osaseka, osakwiya, mpaka womaliza atatopa.

Ukwati unachitika. Masitepe athu anali osapsa, mizere inkawombana, thobwa linali lophikidwa mothamanga, koma abusa anadalitsa ndipo ng'oma inalira mpaka dzuwa kulowa. Mwana anabadwa mu Febuluwale. Atate, amene anaphunzitsa masamu moyo wawo wonse, miyezi imeneyo sanaiwerenge.

Koma mawu awo sanalemerenso ngati kale. Akanena za mvula kapena za feteleza, wina ankafunsa kuchokera kumbuyo ngati nkhaniyo aimva kuyambira poyamba. Makalata a Chingerezi anayamba kupita kwa mphunzitsi wina wachinyamata. Ndinkawaona atakhala okha pakhonde madzulo, ndipo zinkandimvetsa chisoni. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti anavomera kulakwa chifukwa cha chilungamo cha ku mishoni chabe, chija chosafuna bodza ngakhale laling'ono.

Lero zonse zinasintha. Munthu akamwalira, foni imakuuza achibale ake asanamve, ndipo nthawi zina imakuuza mwini wake adakali moyo. Mudzi sudikiranso munthu mmodzi wa magalasi kuti aufotokozere dziko. Aliyense ndi a Hedi payekha, aliyense amalengeza zimene wamva kuyambira pakati, ndipo sindinaonepo ndi mmodzi yemwe akuvala jekete kukaima pakati pa anthu kuti wolakwa ndine.

Esinati anandiuza mbali yotsala titawaika atate m'manda, tikutsuka mbale za anthu obwera pamaliro. Anati Lachinayi lija, anthu atabalalika akuseka, atate anamupeza yekha akusenda mtedza. Anaima pambali pake osamuyang'ana, n'kunena motsitsa mawu: "Mwananga, uwauze amako diresi la Loweruka alimasuleko pang'ono m'chiuno. Mdzukulu wanga azipuma bwino."

Anangonena zimenezo n'kulowa m'nyumba, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso moyo wawo wonse.