Galu Wosauwa wa Agogo Zuze

Ndikakumbukira agogo Zuze, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la ayodini wa kuchipatala losakanikirana ndi fodya wa chingambwe ndi utsi wa nsomba zowamba, ndipo m'makutu mumamveka ndodo yawo ikugogoda pansi, go go go, kuchoka pakhonde kupita kuthandala loyanikapo usipa, kuchoka kuthandala kupita kukhola la mbuzi, kubwereranso pakhonde, kungogwira mpando ngati akuupatsa moni, n'kupitirira. Sindinaonepo munthu wodana ndi mpando ngati iwo. Tiyi ankamwa chiimire. Kutchalitchi ankaima kumbuyo, pafupi ndi khomo. Ngakhale pamaliro, amuna anzawo atakhala pansi pa mtengo, iwo ankangozungulira ngati nkhuku yosowa poikira dzira.

Anali bambo awo a amayi anga. Anafika ku Malindi kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, atabereka amayi kumsana, ndipo nkhondo itatha, anzawo akubwerera kwawo, iwo anatsala. Koma chinatsala ndi thupi lokha. Kuseri kwa chitseko cha nyumba yawo kunkakhala phukusi, bulangete lofiira lomangidwa mfundo, mkati mwake muli kapoto, mpeni, machesi ndi mchere. Ankalimasula pokhapokha mchere ukanyowa, kusintha, n'kulimanganso nthawi yomweyo. Ndikawafunsa kuti ulendowo ndi wa kuti, ankangoti, "Mkazi wanga, munthu sadziwa." Ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu aakazi, ine n'kumawayankha kuti sindingakwatiwe ndi mwamuna wosakhala pansi.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, agogo anachekedwa ndi lata la pakhola, pamwamba pa kakolo. Kabala kake kanali kosanunkha kanthu, koma kanakula mpaka kukhala chilonda chonunkha, mwendo n'kutupa ngati mtondo. Adokotala a kuchipatala cha mishoni sanawabisire mawu amayi. Anati chilonda sichikupola chifukwa mwiniwake akuyenda nacho tsiku lonse. Mwendo ukhale pampando, pamwamba, kwa milungu ingapo. Apo ayi, audula.

Amayi anayesa zonse. Anabisa ndodo, agogo anathyola nthambi ya mango. Anawapatsa wailesi, iwo ankayenda nayo paphewa. Anapempha Che Saidi, oyandikana nafe, kuti azibwera ndi bawo, koma agogo ankasewera chiimire, akatakata n'kupita kukaona mbuzi, mpaka Che Saidi anatopa. Kenaka ntchito yowalondera inagwera ine. Ndinkadana nayo kwambiri. Anzanga ali kusewera fulaye, ine ndili pambuyo pa nkhalamba, "Agogo khalani, agogo khalani," iwo n'kumandiyankha ndi mawu awo achipwitikizi oti tiyeni: "Vamu, vamu!" Tsiku lina ndinalira ndi mkwiyo, ndikuona bandeji yomwe amayi anamanga m'mawa itafiira kale dzuwa lisanafike pamutu.

Masiku omwewo akuba anatiyendera. Anatenga nyali za bambo zophera usipa, n'kusesa thandala lonse. Bambo anga anali msodzi wosalankhulalankhula, koma tsiku limenelo analankhula. Anati pakhomo pano pakufunika galu, galu weniweni, woti akauwa amve ndi a kutsidya.

Agogo anali pakati pa khonde ndi khola. Anaima.

"Galu akangouwa pabwalo pano, ine ndanyamuka," anatero, osayang'ana aliyense.

Tonse tinkadziwa kuti agogo ndi galu sankamwerana madzi. Galu akauwa, ngakhale kutali, ankaima njo, kapu ili m'manja, khutu lili kumapiri, mpaka atasiya. Ife tinkangoti mwina analumidwapo ali mwana. Tinkadziwanso kuti akati anyamuka, sakunena za kukhola. Ankatanthauza msewu wa kumtunda, wodzera ku Katuli mpaka kumalire, wapansi, ndi mwendo umenewo.

Amayi anali pakati pa mwamuna wawo ndi bambo awo, ndipo anaonda sabata imeneyo. Pomaliza anati galu abwere, koma akasankhe ndi agogo. Bambo anavomera, poganiza kuti galu ndi galu, palibe wosauwa. Agogo anavomera chifukwa unali ulendo.

Tinakwera matola kupita ku boma, ine, bambo ndi agogo, amene anakana kukhala kutsogolo n'kuima kumbuyo atagwira chitsulo njira yonse. Kumeneko kunali mayi Chikoko, a mumpingo mwathu, amene kale ankaphika kuloji ina ya m'mbali mwa nyanja. Pakhomo pawo panali agalu a mitundu iwiri, onse ndi ana. Wina anali wachikuda, wautali, wosakira nyama. Winayo anawasiyira abwana awo pochoka: kagalu kaubweya wambiri, miyendo yaifupi, nkhope ngati kanagundidwa ndi chitseko.

Bambo sanakayang'ane n'komwe. Anapita kwa ana a wachikuda uja n'kuyamba kuwayesa monga amayesera amuna akwathu, kunyamula mmodzimmodzi pachikopa cha pakhosi. Wolira ankamubweza. Mmodzi wakuda sanalire, anapotoloka n'kuwaluma chala. Bambo anamwetulira.

"Apongozi, galu ndi uyu."

Agogo ankazungulira kagalu kaubweya kaja, kali chigonere pamthunzi, ana ake ali mbwee pamimba pake.

"Mayi, ameneyu amauwa?" anafunsa.

"Uyu? Ngakhale mutabwera mudzi wonse, amangotsegula diso limodzi," anatero mayi Chikoko akuseka. "Kuloji kuja ankagona pamapazi pa abwana tsiku lonse. Ulendo wake ndi wochoka pamthunzi kupita pambale."

"Nanga bambo wa anawa?"

"Mtundu womwewu. Ameneyo ndiye ulesi wake wosakamba."

"Akakula amafika pati?"

"Pomwepa basi, sapitirira apa."

Agogo anatola beseni lachitsulo limene linali pafupi ndi mpopi, n'kulimenya ndi ndodo mwamphamvu. Phokoso lake! Ine ndinadumpha. Ana a wachikuda aja anabalalika akuuwa ndi timawu tawo, mayi wawo n'kudzuka mano ali pamtunda. Ana a kaubweya nawo anadzidzimuka, kupatula kamodzi, koyera ndi banga pakhutu. Kanatukula mutu, kuyasamula, n'kugonanso. Agogo anamenyanso beseni. Kanangogwedeza khutu.

"Ameneyu," anatero.

Bambo anayang'ana pansi, pakuti mkamwini sayang'ana apongozi ake m'maso, koma mawu anawapulumuka. "Apongozi, ameneyo si galu. Ndi mtsamiro."

Dzina linakhala lomwelo. Mtsamiro anabwera kwathu ali m'katoni, ndipo njira yonse sanadzuke. Mudzi wonse unatiseka. Asodzi anzawo a bambo ankafunsa ngati mlonda wathu wadzuka. Okondwa anali Che Saidi okha, pakuti kwa Asilamu galu ndi wodetsa, ndipo uyu analibe mphamvu zodutsira mpanda kukanunkhiza mbale zawo. Agogo eniake, atamusankha, sankamukhudza. Ankamulambalala ngati chithaphwi, n'kupitiriza maulendo awo, chilonda chikunka chikula.

Kunyozedwa kunawapweteka bambo. Kwathu, kagalu kofatsa ankakadyetsa mavu. Ankagwira mavu, kuwasinja ndi tsabola, kusakaniza ndi phala, amati kakadya kamalusa moyo wake wonse. Loweruka lina m'mawa, amayi atapita kuchigayo, bambo anachita zomwezo kuseri kwa khitchini. Ine ndinali kutsuka mbale pomwepo. Atangoika mbale ya phala patsogolo pa Mtsamiro, ndodo inamveka, go go go, ndipo agogo anatulukira. Anaona mapiko a mavu pamwala wosinjira.

Anamenya mbale ija ndi ndodo, phala n'kumwazikira pamiyendo pa bambo.

"Ayi! Ameneyu ayi!" anakuwa. Ndinali ndisanawamvepo akukuwa chotero, komanso kukuwira mkamwini wawo.

Bambo anaimirira. "Zikubedwa pano ndi zanga, apongozi, si zanu. Pakhomo pano ndilibe mawu ngakhale pa galu?"

Agogo analowa m'nyumba mwawo, n'kutuluka ndi phukusi lofiira lija paphewa.

Ndinawathamangira. Tinadutsa sukulu, tinadutsa minda ya chinangwa, msewu unayamba kukwera, dzuwa likuswa mtengo, fumbi likumata pabandeji yonyowa. Ndinawagwira malaya, ndinawaopseza ndi dzina la amayi, ndinawakumbutsa za adokotala. Iwo anangoti, "Vamu kapena bwerera." Ankatsimphina koopsa, koma sankaima, ndipo pamene apondapo ndi mwendo wodwalawo pankatsala kadontho. Ndinkadziwa kuti mwendo umenewo sukafika ku Katuli.

Nditacheuka kuti ndione ngati bambo akubwera, ndinaona kanthu koyera kakugubuduka m'fumbi, kutali kumbuyo. Anali Mtsamiro. Galu amene ankaona thandala ngati kutali anatitsata mtunda wonsewo, lilime lili panja, timiyendo tikupindika. Agogo ataima pansi pa mtengo wa mthethe kuti asinthe phewa, iye anatipeza. Sanauwe, sanalire. Anangofika, kudzigwetsa paphazi la agogo, kupumira m'mwamba, n'kutseka maso.

Agogo anayang'ana pansi. Ndinadikira kuti amukankhe. Maso awo ankapita kumapiri, kubwerera paphazi, kupitanso kumapiri. Kenaka, pang'onopang'ono, osasuntha phazi lija, anatsitsa phukusi n'kukhalapo. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala pansi popanda wowakakamiza.

"Ndinali ndi galu kwathu," anatero patapita nthawi. "Liyawo. Wamkulu, wolusa, mudzi wonse unkamuopa. Mavu ndinamudyetsa ndine, ndi manja angawa."

Ndinakhala pansi pambali pawo.

"Tsiku lothawa tinabisala m'bango, anthu ambiri, ndi ana omwe. Amayi ako ali kumsana kwanga. Asilikali akudutsa apo, ngati pali mtengo uwo. Liyawo anayamba kubangula chapansipansi. Si mmene ndinamuphunzitsira? Anthu onse maso pa ine. Ndinamufunditsa bulangete ili, n'kumugwira pakamwa." Anasisita phukusi limene anakhalira. "Asilikali anachedwa kudutsa, mkazi wanga. Anachedwa kwambiri. Pamene ndinamasula manja, sanadzuke."

Ndinali mwana, ndinangoti, "Agogo, tiyeni kunyumba."

"Wagona," anatero. "Wogona sadzutsidwa."

Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi unasuntha. Bambo anatipeza akukankha njinga. Anaima patali, kunjuta, kuwomba m'manja pang'ono, osanena kanthu za phala kapena za mavu. Anadikira nafe mpaka Mtsamiro anadzuka yekha. Ndiyeno anakweza apongozi awo pakaliyala, agogo atafungata galu, ine nditasenza phukusi.

Sindinganame kuti agogo anasanduka munthu wofatsa. Pakhonde paja, mwendo wodwala uli pampando ndipo Mtsamiro ali paphazi linalo, zala zawo zinkagogoda ndodo, maso ali kumsewu, ndipo ankatituma ngati akapolo. Kaone mbuzi. Katembenuze usipa. Mphepo ya mwera ikubwera, kauze bambo ako. Ankatukwana galuyo m'zinenero zitatu, kumutcha waulesi, thumba la ubweya. Koma kudzuka sankadzuka, ndipo Mtsamiro ankagona ngati walembedwa ntchito. Za akuba bambo anathana nazo okha pomanga mpanda wa bango ndi kulowetsa nyali m'nyumba. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali, fungo linatha, ndipo adokotala atachiona anauza amayi kuti za kudula ziiwalike. Agogo anamwalira patapita zaka, ali ndi miyendo yawo yonse iwiri.

Chimene sindiiwala chinachitika nthawi yozizira chaka chomwecho. Ndinawapititsira tiyi m'mawa, ndipo kuseri kwa chitseko kunalibe phukusi. Bulangete lofiira linali loyalidwa pansi, makwinya a mfundo akuonekabe, Mtsamiro atadzipinda pakati pake. Kapoto kaja kanali pambali, muli madzi akumwa galu. Mchere anapatsa amayi.

Ine ndinatengera mapazi a agogo. Ndimakhala ku boma tsopano, ndipo ana anga amadandaula kuti amayi sakhala pansi, chikwama changa chimagona pafupi ndi khomo ngakhale ndilibe kopita. Atandivutitsa kuti akufuna galu, ndinapita nawo kwa munthu woweta, ndinafunsa za mayi wake ndi za bambo wake, kenaka ndinapempha beseni. Mwiniwake anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Tinatenga kagalu kamene sikanadzuke nditamenya beseni.

Madzulo ndikangoti ndikhale pang'ono kuti ndivule nsapato, kamabwera n'kudzigwetsa paphazi panga. Zovala zili pachingwe, mbale zili m'beseni, maso anga ali kumsewu, mtima ukuti vamu, vamu. Koma wagona.