Buku la Nsalu la Amalume

"Bukuli lisatuluke pakhomo pano. Likatuluka, udzaona wekha." Anatero amayi tsiku limene amalume anandipatsa buku lija. Amayi sankakhulupirira munthu, ndipo mtima umenewo ndinatengera ine.

Silinali buku la m'sitolo. Amalume anali telala, makina awo ankakhala pakhonde la golosale. Anatola zidutswa za kaliko, n'kuzisoka pamodzi masamba asanu ndi atatu. Mawu analemba m'Chinyanja ndi pensulo ija yochita kunyambita, yosiya lilime lili bii. Zithunzi zinali zansalu zomwe. Ukalitsegula linkanunkha mafuta a makina ndi makala a simbi.

Nkhani yake inali ya chigamba chofiira chimene chinasokedwa pa malaya a khaki. Mabatani ankachiseka, kolala ankachinyoza, thumba silinkachilankhula n'komwe. Chigamba chinapempha sopo kuti achichotse mtundu, chinapempha dzuwa kuti lichiwaule, koma chinangokhalabe chofiira. Patsamba lomaliza kunawomba mphepo yozizira, mwini malaya n'kuthokoza chigamba. Kunena zoona, amalume anali katswiri wa singano, osati wa nkhani. Koma ine wa zaka zisanu ndi zinayi ndinkati ndikafika pa dzuwa paja, misozi mbwembwembwe.

Inali nthawi ya Chitaganya, titangolowa m'nyumba zatsopano za ku Mufakose, mumzinda waukulu wa dziko la Ashona. Mitengo kunalibe, fumbi lokhalokha. Abambo ankalawirira pa njinga kupita ku fakitale ku Workington. Makolo anga anali a ku Nyasalande, koma ine kusukulu ndinali Mshona. Chishona ndinkachilankhula kuposa eni ake, ndipo anzanga atandifunsa kwathu ndinati ku Murehwa, kumene sindinapondeko. Ndinkaona zimene ankamuchita mtsikana wina wodziwika kuti makolo ake ndi a ku Nyasalande. Pa phada sankamulola. Ankamuti "Mubwidi, wopanda kwawo," iye n'kumadyera chimanga chake chokazinga kuseri kwa kalasi. Ine ndinkaseka nawo. Ndavomera, lembani.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho ndinalibisa buku lija m'juzi n'kupita nalo kusukulu. Musandifunse chifukwa, mwana ndi mwana. Nthawi ya masamu ndinalitsegula pansi pa desiki, osaona kuti aphunzitsi aima kumbuyo kwanga. Anali bambo wamtali, wa magalasi, wosaseka. Analitenga, n'kuima nalo pawindo nthawi yaitali akutembenuza masamba. Kenako analitsekera m'dirowa. "Mawa ubwere ndi bambo ako," anatero m'Chishona. Anzanga anali asanaone zolembedwamo, choncho ndinati mwina ndipulumuka. Abambo Chishona ankachitha ndithu.

Kunyumba amayi sanandimenye. Anangoti, "Ndinanena," n'kuvala mpango kupita kukaitana amalume.

"Anena abambo!" ndinalira.

"Abambo ako alowerere bwanji mwini mbumba alipo?"

Abambo omwewo, ali chogwada kupopa njinga, anavomereza: "Apite eni ake." Kwathu mlandu wa mwana amakamba ndi mlongo wa mayi. Sanadziwe, kapena sanasamale, kuti kwa Ashona malume ndi munthu wongoseka naye, wokupatsa masiwiti. Mwana amene malume ake abwera kudzamuyankhira bambo ali moyo, aliyense ankadziwa kumene achokera.

Amalume anafika m'mawa atavala suti yosoka okha, tepi yoyezera ili m'khosi, anaiwala kuichotsa. Pakhomo la kalasi anagwira chipewa m'manja n'kukuwa, "Odi!" Mnyamata wina kumbuyo anayankha ndi dzina limene ankatinyodola nalo ife a ku Nyasalande, "Achimwene!" kalasi yonse n'kuphulika.

"Ndinu bambo wake?" anafunsa aphunzitsi.

"Iyayi, malume ake. Mwini mwanayu ndine."

Mnzanga wapamtima, amene tinkagawana mbatata tsiku lililonse, anasendera pabenchi. Anangosendera pang'ono, malo okwana dzanja limodzi, koma kuzizira kumene kunalowa pamenepo ndimakumvabe.

Aphunzitsi amenewa ankabweza anthu. Ndinawaonapo akubweza mayi wa mwana, akubweza mchimwene wake wa mwana, amvekere ndati bambo. Ndinkayembekeza kuti abwezanso amalume, ndipo ndinkapemphera kuti atero. Koma anakoka mpando wawo womwe, n'kuupukuta choko ndi kansalu. Anatulutsa buku n'kunena kuti poti wolemba wabwera yekha, atiwerengere. Kenako anandiloza ine. "Iwe imirira. Uzitiuza m'Chishona."

Ndinaimirira. Amalume, osadziwa kuti andiphera ufulu, anawerenga mokondwa ngati ali paukwati. Kolala ankamulankhulitsa ndi mphuno ngati kapitawo wa kufakitale, mabatani ankawalizitsa timawu ta anapiye. Pofika tsamba lachitatu ana ankasekabe, koma kuseka kwake kunali kutasintha, anali kuseka kolala. Pamene chigamba chinkapempha dzuwa, ndinalekezera pakati kumasulira. Amene anamaliza chiganizo changa anali mtsikana wa chimanga chokazinga uja, ali pakona pake, osadzutsa mutu.

Atatha, ana anaunjikana kufuna kukhudza chigamba. Amalume anatuluka atalonjeza theka la kalasi kuti awasokera mabatani.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinakoma. Mnzanga wa mbatata anandibwerera mvula itagwa, ena sanabwerenso. Dzina la Chigamba linandikanirira mpaka kumaliza sukulu, ndipo pali agogo awiri kutchalitchi amene amandiitana nalobe. Phada ndinayamba kusewera kuseri kwa kalasi, awiriwiri, tikutafuna chimanga. Amalume ndinawakwiyira mwezi wathunthu. Iwo ankangodabwa, n'kumandisungira tizidutswa ta nsalu zamaluwa kuti ndisokere chidole.

Patapita zaka zambiri, ndili kale pabanja, ndinamva kuti aphunzitsi aja amwalira, ndipo ndinapita. Ndinapeza maliro akuyendetsa ndi a bungwe la maliro la anthu a kwathu, nyimbo zonse za Chinyanja. Amene anaimirira kulankhula m'malo mwa banja sanali mwana wawo, anali mwana wa mlongo wawo, wochokera ku Dedza. Zaka zonse zija, dzina la Chishona, mkazi wa Chishona, osatulutsa liwu limodzi la kwawo.

Pawindo paja ine ndinkayesa akuona zithunzi. Ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankathandiza ine, kapena ankangofuna kumva chilankhulo cha mayi awo kamodzi kokha, masana, pagulu. Amene angandiuze adzandizonde, ndili ku Mufakose konkuno. Adzagogode kawiri, chifukwa ine ndimayamba ndasuzumira pakatani.